Dazi la a Sakiusa

Chisoti cha a Sakiusa chinauluka ndi mphepo ali pakati pa nyanja, ndiye dazi linapsa tsiku lonse mpaka kusupuka ngati mbatata yowotcha. Pokweza bwato kumtunda anagundanso mutu panthambi, pakati penipeni n'kutsala kabala kofiira. Tsono m'mawa mwake anali oti anyamule dzino la namgumi, mphatso ya mwambo kwawoko, kukafunsira mbeta mnyamata wawo Peni. Mtsikanayo anali Vasemaca. Bambo ake anali ouma mtima, anabweza kale anyamata ena, ndipo mwambo wa pamudzi sulola munthu kuvala chisoti, choncho dazilo silikanabisika.

Kutacha anapita kwa msuweni wawo Mereoni, amene amafinya mafuta a dilo kuchokera ku mtedza wa mitengo ya m'mbali mwa nyanja. Mereoni atangoona mutuwo anakhala pansi ndi phwete.

"Msuweni, aphika ndani chimenechi? Mchere anathira?"

"Paka mankhwala, iwe. Anthu akundidikira."

Kwawoko mutu wa munthu sagwira, ngakhale pachisuweni. Choncho Mereoni anapepesa kaye, nazula nthenga kwa tambala n'kumaiviika m'botolo. Ankapaka uku akuseka, mafuta obiriwira aja n'kuchuluka.

"Bala lipola, khungu lifewa. Koma usaweramire kwa apongozi, angadzione nkhope."

Kwa Vasemaca anthu anadzaza, ndipo a Sakiusa anawakhazika pamkeka pakhomo, pomwe dzuwa linkawomba. A Sakiusa anagwada, nakweza dzino lija ndi manja awiri, n'kuyamba kulankhula bwinobwino. Kenaka thukuta linatsika ndi mafuta, n'kulowa m'maso. Kuwawa kwake ngati tsabola. Manja anali otanganidwa, kupukuta kunalibe. Misozi inangoti mbwembwembwe, mawu n'kumadukaduka, iwo osasiya: mwana wathu ndi wolimbikira, ali ndi munda wa chinangwa, tabwera kudzapempha.

Mayi ake a Vasemaca anayamba kufwenthera. Bambo ake aja anayang'ana kudenga, natsokomola, kenaka anatambasula manja n'kulandira dzinolo.

"Munthu wolirira mwana wake chonchi, wathu sakamuzunza," anatero.

Kumbuyo, Mereoni anali ataluma nsalu, mapewa akugwedezeka, amayi ena akumusisita pamsana kuti alimbe mtima.

Potuluka, Peni anawagwira dzanja, maso ali psuu.

"Ababa, sindinkadziwa kuti mumandikonda chotere."

"Ndimakukonda, mwanawe," anatero a Sakiusa akuphethira. "Tsogola, undilondolere kumene kuli madzi."