Valavu ya Clarrie Voss

Nkhani iyi anandiuza ndi Merv Tolhurst, wophikira anthu ometa nkhosa, tikudikira basi ku Quilpie. Akuti inachitikira mlamu wake, Clarrie Voss, yemwe wakalamba akukonza mijigo yoyendera mphepo.

Mtima wa Clarrie unkagunda mwachisawawa, pena kuthamanga, pena kudumphira. Ku Brisbane madokotala anamulowetsa kachubu mumtsempha wa m'mphechepeche mpaka kukafika mumtima, n'kuwotcha timalo timene tinkasokoneza kagundidwe. Mtima unalongosoka. Koma atauunika ndi makina, dokotala wina wachitsikana anati valavu imodzi, kachitseko koletsa magazi kubwerera m'mbuyo, ikudontha pang'ono, akapume, abwerenso pakatha miyezi itatu.

Clarrie sanafunse kanthu. Za mavalavu ankazidziwa. Mjigo wa valavu yodontha umakoka madzi bola ukuyenda. Mphepo ikangoleka, madzi onse amabwerera pansi, ndipo suyambanso mpaka munthu authire ena pamwamba. Nanga mtima ungauthire pati?

Atafika kwawo anakana kukhala pansi. Nyama ankadya akuzungulira tebulo, tiyi ankamwa akuyendayenda pakhonde, tulo n'kumaba pang'onopang'ono atayedzamira firiji. Pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi, bala la kachubu linali litatupa, miyendo ili ngati mapilo.

"Iwe nkhalamba, ukhala pansi kapena ndikugunde ndi galimoto?" anatero mkazi wake, Noelene.

"Ndikakhala ndiphwa, mkazanga. Ndiye udzandithira madzi m'khutu?"

"Dokotala anati upume."

"Kamtsikana kameneko kanakonzapo mijigo ingati?"

Noelene analowa m'shedi n'kutulukamo ndi sikuludiraiva yaitali imene Clarrie amamvetserera mijigo.

"Khala apa. Ndizimvetsera. Magazi akayamba kubwerera ndikukankha."

Clarrie anakhala, thako limodzi lokha. Noelene anaika nsonga pachifuwa pake, chigwiriro kukhutu.

"Ukumva chiyani?"

"Ndikumva iwe ukulongolola."

Patapita mphindi khumi, Clarrie anafunsanso.

"Ikudontha?"

"Ikudontha, koma mjigo sunaime. Ukukoka ndithu."

"Wagwira molakwika, pendeketsa pang'ono," anatero Clarrie, ndipo asanamalize kumuphunzitsa kagwiridwe anagona pampando pomwepo mpaka mawa lake masana.

Itatha miyezi itatu, makina anaonetsa kuti kudontha kwachepa. Dokotala anati zimachitika kwa ena mtima ukayamba kugunda mwadongosolo. Clarrie anamuuza mwaulemu kuti ayi, kuyenda kwa masiku aja ndi kumene kunakhazika valavu m'malo mwake, ndipo ngati akufuna alembe kuti athandizire odwala ena.

Zoti kudontha kunachepa ndikuvomera, ndinamvapo zotere kwa munthu wina ku Darwin. Koma basi itachedwa ndinabwereka sikuludiraiva pagalaja n'kuyesa pachifuwa cha Merv, ndipo ndinangomva m'mimba mwake mukulira. Ine sindikhulupirira kuti Noelene anamva kanthu.