Kachitseko ka Pansi pa Matailosi

Paterson, woyendera nyumba amene ogula anamutuma, anali atagogoda kale makoma onse ndi kandodo kake pamene anaima m'kolido n'kufunsa polowera kunsi kwa nyumba. Callista anangoyang'ana matailosi oyera amene munthuyo anapondapo. Mwamuna wake Levy anayankha kuti polowera palibe.

Mzunguyo anafotokoza ndi ulemu wonse, monga amachitira anthu a dziko lachilendo lino akafuna kukukana. Nyumba zakale za ku Cannington ngati imeneyi zinakhala pa nsanamira, ndipo lamulo la zomangamanga limafuna kuti pakhale poti munthu n'kulowa kukaona ngati chiswe sichinadye matabwa. Popanda polowera, iye sangavomereze kuti nyumba ili bwino, ndipo ogula sangagule. Anati abweranso Lachisanu.

"Chiswe cha kuno chili ndi maloya ake," anatero Levy galimoto ya Paterson itachoka.

Callista sanaseke. Masiku amenewo ankadya, kugona, kukwera sitima kupita kuntchito, zonse ngati akugwirira munthu wina.

Kachitseko kanalipo, ndipo onse awiri ankadziwa. Mwana wawo Natwange atabadwa, mayi ake a Callista anabwera kuchokera ku Dedza kudzathandiza chikuta. Mchombo wa khandalo utagwa, anakana kwamtuwagalu kuti upite m'bini. Mchombo amakwirira pakhomo kuti mwana azidziwa kwawo. Koma pabwalo ponse panali simenti mpaka kumpanda, eni ake akale anali anthu odana ndi dothi, abale inu! Mayiwo atatulukira kachitseko ka m'kolido anatuma mkamwini wawo, bambo wa tayi wake, kukakwawa chamimba ngati buluzi, mchombo uli m'kansanza. Tsiku limenelo anaseka onse mpaka misozi.

Natwange anamwalira asanayambe kukwawa. Maliro atatha, Levy anagula matailosi n'kumata kolido yonse, ndi kachitseko komwe. Callista sanamufunse chifukwa, iyenso sanafotokoze. Ankangopondapo popita kukhitchini.

Tsopano ankasamukira ku Ellenbrook, kunyumba yatsopano yokhala pa simenti, yopanda kunsi. Levy anaganiza zoboola khomo lina kukhoma lakumbuyo, Paterson akalowere kumeneko, matailosi asakhudzidwe. Anazinena akuyang'ana kumbali.

"Madzi akatayika saoleka, amake Natwange. Tizisiye zigone."

"Timusiyire anthu osadziwa n'dzina lake lomwe?" anafunsa Callista, mawu ake osakwera, osatsika. "Katengeni hamala."

Levy anaswa matailosi aja limodzilimodzi, thukuta lili kamukamu. Kachitseko katatseguka munatuluka fungo la fumbi lakale. Anati alowe iye, koma Callista anali atavula kale nsapato. Anatsika ndi tochi ya foni, n'kugona chamimba, matabwa akumukhudza pamsana.

Kunsiko kunali mchenga wotuwa, wouma, wofanana paliponse. Levy ankamulondolera ali pamwamba. Anati pafupi ndi nsanamira yakumanja. Kenako anati mwina yakutsogolo kwake.

Callista anafukula ndi manja. Anapeza msomali wadzimbiri ndi chitsekerero cha botolo. Anasuntha n'kufukulanso, mpaka zikhadabo kuwawa, koma kansanza kaja sikanaoneke. Ankaganiza kuti akafika pamenepo adzalira. Anadikira ndithu, chibwano chili pamchenga, koma m'maso munali mouma, ndipo mumtima simunamveke kanthu. Zimenezi n'zimene zinamuchititsa mantha. Anatapa mchenga pansanamira zonse ziwiri, n'kuumanga mfundo pansonga ya chitenje chake. Levy anamukoka dzanja potuluka, anaiona mfundoyo, ndipo sanafunse.

Lachisanu Paterson anayeza kachitsekoko ndi tepi, n'kunena kuti kukula kwake n'kokwanira. Analowa ndi nyali yake yapachipumi, anakhalitsamo ndithu, kenako anatuluka akudzisasa fumbi, nkhope ili mwee.

"Muli ndi mwayi," anatero. "Kunsiko kulibe chilichonse."

"Tikudziwa," anayankha Callista.

Tsiku losamuka, chitenje chija sichinalowe m'katoni. Callista anachifukata pamiyendo njira yonse. Atafika ku Ellenbrook, Levy anayamba kutsitsa katundu yekha, pakuti Callista anali akuzungulira nyumba, kufunafuna pamene amisiri anasiya dothi.