Zibaluni za Bambo Brekke

Bambo Halvard Brekke anaphunzitsa sayansi ku Røros, tauni ya kudziko lozizira kwambiri, zaka makumi atatu, ndipo pa ukwati wa mwana wawo Ingvild ankafuna chinthu chimodzi chokha: kuti mawu amene analemba, masamba asanu ndi limodzi, amveke mpaka kumapeto.

M'mawa wa tsikulo mkazi wawo, Mayi Torunn, anawatuma kukapopa zibaluni. Poona kuti m'nyumba munali phokoso, anakapopera m'kanyumba ka nkhuni, momwe madzi anali ataundana m'ndowa. Pokhala munthu wodana ndi ntchito yolobodoka, chibaluni chilichonse anachipopa mpaka kulimba gwa, nakazimangirira zonse m'holo yochitira phwando, pamwamba pa mbaula. Mbaulayo inayatsidwa alendo atafika.

Nthawi itakwana, anaimirira nakonza tayi.

"Mwana wanga Ingvild," anayamba motero, chibaluni n'kuphulika. Anayambiranso mwaulemu, n'kuphulika zitatu.

"Kodi munapopera kuti, bambo a Ingvild?" ananong'ona Mayi Torunn.

"Kunja, kozizira."

"Inuyo? Amene mwamera imvi mukukalipira ana a eni kuti mpweya ukatenthedwa umafuna malo aakulu?"

"Ndiye mwaona kuti sindinkawanamiza, mayi. Tsono khalani chete."

Anayang'ana zibaluni makumi anayi zotsalazo, nayang'ananso mapepala awo. Kenaka analamula kuti mbaula izimitsidwe ndipo mazenera onse atsegulidwe. Chisanu chitalowa, zibaluni zinafota n'kukhala bata.

Alendo anamva masamba onse asanu ndi limodzi atavala majasi, nsomba ikuzizira m'mbale, mano akugwedera.