Lupanga Limene Silinatsike

Kagemu kameneka ine sindinakakondepo, ndineneretu. Kanapangidwa ndi anyamata awiri a ku Karakol, tauni ina ya m'dziko lathu lino, ndipo kamachita kuonekeratu kuti ndi ka anthu awiri opanda wowayang'anira. Muli mlatho umodzi wokha wa matabwa, chipale chofewa chikugwa, ndi amuna awiri a malupanga osiyana zisoti basi. Nyimbo yake ndi imodzi, ya komuz, kagitala kakwathu ka zingwe zitatu, imangobwerera pomwepo mpaka mutu kuwawa. Nthawi zina mwendo wa munthu umalowa m'thabwa, iye n'kumayenda choncho ngati palibe chachitika. Sungasewere wekha, mpaka mnzako alowe. Mulibe polembera mawu, mulibe poyankhulira. Chimene ungamuuze mnzakoyo n'chimodzi chokha: umadina batani, munthu wako n'kuwerama.

Koma ukanena zimenezi pamaso pa amuna anga a Urmat, kapena pa mlongo wanga Samagan, ankakuyang'ana ngati waponda mkate, mwano waukulu kwathu kuno. Ati kukoma kwake n'koti ukatemedwa kamodzi, wafa, zatha. Palibe zomangokhapana mpaka wina atope. Ntchito yonse ndi kudikira ndi kumuwerenga mnzako: waponda bwanji, lupanga wanyamula bwanji, akuopa kapena akunamizira kuopa. A Urmat ankakonda kunena kuti pa tiyi munthu atha kukunamiza tsiku lonse, koma pamlatho paja sangathe. Ine ndinkangoti mxii, amuna akuluakulu kulimbana ndi tizidole.

Samagan ndiye womaliza m'mimba mwa amayi. Anapita ku Moscow kukagwira ntchito yoperekera chakudya m'makomo pa njinga, ndipo Lamlungu lililonse masana iye ndi mlamu wakeyo ankakumana pamlatho, wina ali m'kachipinda kake kumeneko, wina pa thebulo lathu kuno ku Kochkor. Mathero ake ankadziwika kale. Samagan chibadwire sadziwa kudikira, tiyi amamwa akuwira n'kupsa lilime. Ankangokweza lupanga m'mwamba n'kuthamanga, mimba yonse ili pamtunda. A Urmat, munthu wogulitsa mankhwala a ziweto woti atha kukhala tsiku lathunthu kudikira kasitomala mmodzi, ankangobwerera m'mbuyo pang'ono n'kumutema pamimba pomwepo. Akatero ankawerama pamwamba pa mtembowo mobwerezabwereza, mwachipongwe. Posakhalitsa foni inkalira, Samagan akukuwa kuti alamu ndinu mfiti, ndi netiweki yandichedwetsa, iwo n'kumuyankha kuti kadye kaye ukule.

Amayi ankakhala pambali ndi ubweya wawo akupota, n'kumafunsa kuti mwana wanga wafanso? Tsiku lina anawadzudzula apongozi awowo kuti kamodzi kokha bwanji osamusiyira, mwanayo ali kwa eni. Samagan anamva pafoni, n'kukalipa zenizeni. Anawalumbiritsa alamu ake kuti asadzayerekeze. "Tsiku limene mudzandisiyire dala ndidzadziwa," anatero. "Chifundo chanu sindichifuna."

Amayi anagwa Lachinayi m'mawa, pabwalo, atanyamula ndowa ya mkaka. Pamene tinkawanyamula anali atapita kale.

Madzulo ake akuluakulu anakhala pansi, ndipo bambo aakulu a Toktosun, mkulu wawo wa malemu bambo athu, ananena zimene tonse tinkadziwa kuti anena. Mwana amene ali kutali samuuza maliro pafoni. Mumamuuza kuti amayi adwalika, bwera msanga. Akafika, akulu amamukhazika pansi, amamugwira mapewa, ndiye n'kumuuza. Ine mwambo umenewu ndinalibe nawo vuto, ndipo mpaka lero ndilibe. Samagan anali yekhayekha m'mzinda woti ukagwa pamsewu anthu amangokulambalala. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: mawuwo akamamulowa m'khutu, pakhale manja a kwathu omugwira.

Foni ndinaimba ndine, ndili m'khola la nkhosa, chitseko nditatseka kuti asamve kulira. Ndinamuuza kuti amayi ali m'chipatala ku Naryn, magazi akwera, akumufunsa. Anati ndiwapatse foni. Ndinati madokotala akukaniza. Kenako anati agula tikiti ya mawa. Nditadula ndinasanza pamanyowa pomwepo.

Kutacha, hema la maliro linali litaima pabwalo, amayi atagonekedwa m'katimo kuseri kwa katani, azimayi akuimba nyimbo za maliro atayang'ana kukhoma. Hatchi ya ndiwo za pamaliro inali itaphedwa, monga mwa mwambo wathu. Ine ndinali kumapoto, tikukazinga timandasi ta boorsok ndi akazi a m'mudzi, pamene a Urmat anabwera kudzandikodola, nkhope ili mbuu. Anandionetsa foni. Samagan anali ku bwalo la ndege, ndege yake aichedwetsa mpaka madzulo, ndipo analemba kuti: Alamu, mutu ukufuna kuphulika ndi maganizo. Bwerani pamlatho.

A Urmat anati amuuza kuti netiweki yavuta. Ndinawafunsa kuti inuyo, amene munasewera muli pakhonde la chipatala tsiku limene ndinkabereka Begaiym, lero ndiye netiweki ivute? Akanadziwa nthawi yomweyo. Anati ndiye amuuze kuti atanganidwa. Ndinati mwatanganidwa ndi chiyani, popeza odwala ali m'manja mwa madokotala? Panalibe pothawira. Tinatenga laputopu n'kuwoloka ngalande kupita kunyumba ya aneba, komwe kunalibe munthu chifukwa onse anali kwathu. Kwa nthawi yoyamba ndinathokoza anyamata a ku Karakol aja chifukwa cha ulesi wawo: kagemu kopanda poyankhulira sikakanatha kutengera kulira kwa pabwalo pathu kukafika ku Moscow.

Asanayatse ndinawagwira dzanja. "Mumuteme ngati masiku onse," ndinawauza. "Mumuteme, muwerame, mumuseke. Mwamva?"

Anagwedeza mutu kuvomera.

Mlatho unabwera, chipale, kanyimbo kaja. Wa chisoti chofiira anali Samagan. Onse anawerama, monga amayambira. Ndiye Samagan, monga mwa nthawi zonse, anakweza lupanga n'kuyamba kuthamanga, mimba ili pamtunda. Ngakhale ine wosadziwa kanthu ndinaona pamene panafunika kutema. Ndinaona chala cha a Urmat chili pabatani. Sichinadine. Munthu wawo anagwa chagada pamatabwa.

Ndinawatsina pamkono mpaka chikhadabo kulowa. Anati dzanja lazizira, ulendo uno zikhala bwino. Ulendo wachiwiri anayesa ndithu, koma anatema mphepo, mochedwa, ngati munthu woyamba kumene. Anagwanso. Wa chisoti chofiira anaima pamwamba pawo. Masiku onse, akapambana mwangozi, Samagan ankavinavina pamlathopo, kuwerama uku ndi uku, foni n'kulira nthawi yomweyo. Tsiku limenelo anangoima.

"Bambo a Begaiym, mukutani kodi?"

"Perizat, sindingathe," anatero, maso ali pa laputopu, misozi ikutsikira m'ndevu. "Mayi ake agona pabwalo paja. Ndimutema bwanji?"

Ndinawauza kuti si munthu ameneyo, ndi kachidole, temani kachidoleko mumupulumutse mwana wa amayi anga. Ndinawatchula mayina amene sindinawatchulepo chikwatirane. Gemu inayambanso yokha, sidikira kuti anthu amalize kukangana.

Ulendo wachitatu Samagan sanathamange. Anayenda pang'onopang'ono, lupanga litaloza pansi, mpaka kufika pamaso penipeni pa munthu wa a Urmat. Anaima pomwepo, chifuwa chili poyera. Ndinazindikira kuti mwanayo akufunsa. Analibe pakamwa m'kagemuko, ndiye anafunsa ndi thupi lonse. Likanangotsika lupanga la alamu ake, akanadziwa kuti kunyumba zinthu zili monga mwa masiku onse, amayi akupuma, alamu akadali mfiti.

Ndinafunsa kuti batani lotemera ndi liti, ndidine ndekha. A Urmat anaphimba mabatani onse ndi zikhatho zawo. Sankanditsekereza mwadala, ndikudziwa. Munthuyo anali atangosweka basi.

Kagemu kameneka kalibe wotchi. Anthu akapanda kumenyana, sikawakakamiza. Awiriwo anangoima choncho pamlatho, chipale chikugwa, komuz ikubwerera pomwe inayambira. Patapita nthawi wa chisoti chofiira anawerama. Sanaweramuke. Kenako anazimiririka, pamlatho n'kutsala munthu mmodzi.

Foni imene inalira inali yanga.

"Achemwali," anatero, mawu ali phee, "anavutika?"

Kumbuyo kwake ndinkamva mzimayi akulengeza za ndege pa chimkuzamawu, matayala a masutikesi, mwana wina akuseka. Ndinanena zimene ndinauzidwa kunena, chifukwa china ndinalibe. Ndinati amayi akudwala, Samagan, ingobwera.

"Chabwino. Akudwala."

"Pali munthu pafupi nawe?"

"Anthu ndi ambiri," anatero, n'kudula.

Anafika m'mawa wa Loweruka, msuweni wathu atakamutenga ku Bishkek. Galimoto inaima kumayambiriro kwa msewu wathu, monga anakonzera, ndipo akuluakulu anamulowetsa m'nyumba ya aneba, m'chipinda chomwe tinayatsira laputopu chija. Ine ndinali pakhomo. Bambo aakulu a Toktosun anamugwira mapewa n'kuyamba patali, za madzi amene amapita osabwerera, za bambo athu, za kuti tonse ndife alendo. Samagan anamvetsera mutu uli pansi, mwaulemu, mpaka mkuluyo anafika pa dzina la amayi. Sanawadule mawu, sanawaonetse kuti akudziwa. Atamaliza anawathokoza.

Mwamuna akamafika pa hema la maliro amayamba kulira mokweza akadali patali, kuti a m'katimo amve kuti mwana wafika. Azibambo anayenda naye, iwo akulira. Samagan anafika pakhoma la hema, anagwira m'chiuno, anawerama, anatsegula pakamwa. Sipanatuluke kanthu. Anayesanso. Maso ali gwa, ouma ngati a munthu wodwala malungo. Kumbuyo kwanga ndinamva mzimayi wina akunong'oneza mnzake kuti Moscow imaumitsa mitima, taonani mwana womaliza osagwetsa ndi msozi umodzi womwe. Ndikanakhala ndi mpeni wa nyama m'manja sindikudziwa chikanachitika.

Zinandipweteka kuposa imfa yeniyeniyo, ndikunena zoona. Amayi anapita mosavutika, ali ndi ndowa yawo m'manja. Koma mwana uyu analira maliro onse yekha. Anadzandiuza titaika kale, tikutsuka makapu kuseri kwa nyumba, kuti atatseka laputopu anakadzitsekera m'chimbudzi cha pa bwalo la ndege, analuma mkono wa jekete kuti asamveke, mpaka wokolopa anamenya chitseko kuti atuluke, ena akufuna kulowa. Anatuluka, anasamba kumaso, n'kukakhala pampando pakati pa anthu odya masangweji mpaka ndege inabwera. Misozi imene inayenera kugwera pa mapewa a bambo aakulu inathera mmenemo.

Alamu ake sanawakwiyire. Pamaliro ponse ankagwira ntchito limodzi, kumanda ananyamula maliro mbali imodzi. Tsiku lobwerera anakumbatirana nthawi yaitali pa galimoto. A Urmat anayamba kupepesa, iye n'kuwaletsa, ati mukananditema ndikanakhulupirira, ndiye mwina ndikanadzakudani pambuyo pake, kaya. Anaseka pang'ono. Ine sindinaseke, ndipo kunena zoona panapita nthawi ndisanayambe kuwathirira tiyi amuna angawo ndi mtima umodzi.

Lamlungu loyamba atabwerera ku Moscow, a Urmat anayatsa laputopu masana, nthawi yawo ija. Munthu wawo anaima pamlatho kudikira. Lamlungu linalo chimodzimodzi. Anyamata a ku Karakol anali atawonjezera chisoti chatsopano ndi kukonza za mwendo wolowa m'thabwa zija, a Urmat n'kumulembera Samagan kumuuza, ngati nkhani yaikulu. Iye anayankha za nyengo ndi za njinga yake imene inathyoka tcheni.

Ndinatopa nazo, ndinamuimbira ndekha. Ndinamuuza kuti alamu ako akungokhala pa thebulo ngati mbuzi yomangidwa, talowa kamodzi kokha umuteme kapena akuteme, nonse mupume.

"Kagemu kaja ndinakafufuta, achemwali," anatero. "Inu amayi anakuferani pabwalo. Ine anandifera pamlatho paja. Sindingamapondepo Lamlungu lililonse."

Ndinalowa m'nyumba. A Urmat anali pomwepo, kanyimbo kaja kakulira motsitsa, chala chili pabatani. Anandiyang'ana kuti ndinene zimene wayankha. Ndinangotambasula dzanja n'kutseka laputopuyo, kenako ndinawauza kuti nkhosa sizinamwe madzi.