Nambala ya Pansi pa Dzimbiri

Denga la chipinda cha Dailesi, kuseri kwa msika wa Limbe, lili ndi kabowo pamene panazuka msomali. Dzuwa likafika paliwombo, kuwala kumatsika pakabowopo ngati ulusi umodzi woyera, fumbi likuvina m'kati mwake, n'kukagwa patebulo. Kwina konseko kuli bii. Mumdimamo mwandanda makina osokera akalekale, akuda, owerama makosi, onse ali duu ngati anthu odikira uthenga kuchipatala.

A mumsika amati mayiyu mutu wake sukoka, munthu wotolera zitsulo zakufa pamene ngakhale batani sasoka. Alekeni anene, pakamwa ndi pawo. Koma ntchito yake amaidziwa. Amadziwa kuti makina okhala ndi chotengera ulusi chonga kabwato ndi akale kuposa aja a bobini yozungulira. Amadziwa maluwa agolide amene ankajambulidwa nkhondo yaikulu isanayambe, amadziwanso a nkhondo itatha. Ndipo amadziwa kuti zaka zenizeni zimabisala pa nambala yodindidwa patsinde, kudzanja lamanja. Dzimbiri sapala ndi mpeni, ayi. Amalinyowetsa ndi parafini, kulipukuta ndi sanza, kenako n'kupakapo choko cha telala mpaka manambala atuluke mbee. Akatero amatsegula kope lake n'kuona chaka.

Chimene a mumsika sadziwa n'chakuti Dailesi amaopa makina alionse olowa pakhomopo. Bambo ake, a Likongwe, anali telala pakhonde la sitolo, munthu wotsimphina mwendo wamanja. Dailesi ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, bambowo anakweza makina awo palole, ati akukasoka mayunifolomu kuesiteti, abwera Loweruka. Loweruka limenelo latha zaka makumi anayi lisanafike. Amayi ake anapita kumanda akunenabe kuti mwamuna wawo anaphedwa panjira, kupanda apo akanabwera, ndipo Dailesi anakula atawagwira mawu amenewo ndi manja awiri. Nambala ya makinawo ndiyo anaphunzirirapo kuwerenga, atakhala pamiyendo ya bambo ake, ndipo mpaka lero amaiimba ngati nyimbo. Amaifuna nambalayo, amaiopa nambalayo. Choko chikaonetsa ina, mtima wake umakhala m'malo.

Tsiku limenelo kunatentha zoopsa. Mitambo inaunjikana bii pamwamba pa phiri la Bangwe, mphepo inaima, ngakhale ogulitsa tomato mawu anawathera. Pakhomo panafika mayi wina wa ku Namadzi, dzina lake Felesiya, wocheperapo msinkhu, mpango wakuda kumutu. Anabwera ndi makina pamodzi ndi miyendo yake yachitsulo. Anati mwini wake anamuika m'manda mwezi watha, ndiye akufuna kudziwa zaka za makinawo asanaganize zowagulitsa.

Dailesi anayamba waona chopondera. Chinali chodyeka mbali imodzi yokha, kumanzere, chosalala see ngati mwala wa pamtsinje. Kumanja kunali ngati sikunapondedwepo chiyambire. Anafuna kunama kuti parafini watha, kuti kope lasowa, kuti abwere mawa. Koma manja anali atayamba kale ntchito yawo.

Ananyowetsa, anapukuta, anapaka choko. Chilembo choyamba chinatuluka, chomwecho chija. Kenako faifi. Kenako naini. Kenako thuu. Kutali bingu linagunda, thukuta linamulowa m'maso, mtima ukuthamanga ngati makina a telala wofuna kumaliza diresi la ukwati. Anapemphera pemphero loipa, loti mwana sapempherera kholo lake: bambo akhale kuti anaphedwadi, makinawa akhale kuti anagulidwa kwa achifwamba, wotsimphina wa ku Namadziyo akhale wina. Anaima, choko chili m'manja, manambala atatu akadali pansi pa dzimbiri. Anaopa kupitiriza, anaopanso kuleka.

"Musavutike, mayi," anatero Felesiya ali pakhomo pomwepo. "Otsalawo ndi ziro, seveni, seveni. Ndinaphunzirira pomwepo kuwerenga, bambo atandikhazika pamiyendo."

Sanangotchula chabe. Anaimba pang'ono, ndipo kaimbidwe kake kanali komwe kaja.

Ku Namadzi, koti munthu atha kupita m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Zaka makumi anayi bambo anali moyo, akuponda ndi mwendo umodzi, akuimbira mwana wina. Dailesi anaopa kutembenuka, kuopa kupeza maso a bambo ake pankhope ya mlendo. Madontho oyamba anamenya malata, fungo la fumbi lonyowa linalowa m'chipinda, ndipo mlendoyo anali akadali panja.

"Lowani, achemwali," anatero Dailesi. "Mungavumbwe."

Pakabowo paja ulusi wa kuwala unali utaduka. M'malo mwake munkatsika madzi, tho, tho, tho, n'kumagwera pa nambala pomwepo, choko chikusungunuka pang'onopang'ono. Palibe amene anasuntha makinawo.