Marita wa Mphete Yofiira

Moni kwa inu amene mukuwerenga, ndipo ayamikike Mwini moyo amene watifikitsa lero.

Amuna anga, a Blaise Ndong, amawerenga mbalame pagombe la kwathu ku Fadiouth Januwale aliyense. Pakati pa zikwizikwi zothawa chisanu kwa azungu, inalipo imodzi yamlomo wautali, yovekedwa mphete yofiira kumwendo, imene anaiona zaka zisanu ndi zinayi zotsatizana. Anaitcha Marita, poti sinkakhala pansi.

Chaka chino ng'ala inawaphimba maso onse awiri. Dokotala anati akhoza kuichotsa, iwo n'kukana.

"Mpeni m'diso? Ndaona zokwanira ine. Ndi Marita yemwe wakalamba, sabweranso."

Ndinadziwa kuti akapanda kumva za mbalameyo, kuchipatala sapita. Ndiye m'mawa wina ndinakoleka m'khosi magalasi awo oonera patali, n'kuwagwira dzanja mpaka kugombe.

Madzi anali ataphwa, monga nyanja yathu yamchere imachitira tsiku lililonse isanadzazenso. Mbalame zinali kutali, timadontho chabe. Ine, wotola nkhono m'matope amenewa chiyambire utsikana, ndinakwinda nsalu n'kulowa. Zimene zinali pafupi zinauluka zonse.

"Mayi a Sitor!" anakuwa a Blaise. "Mapiko ndikumvawo ndi a chiyani? Mwalowa m'matope eti?"

"Nanga ndiione bwanji ili kutali choncho?"

"Si nkhono zanu zimenezo, zoti muzitsatire. Bwerani mukhale pansi, madzi atibweretsera."

"Ndikhale pansi madzi akubwera? Zaka makumi anayi ndakhala ndikuwathawa, beseni lili pamutu!"

"N'chifukwa chake mumadziwa zala za kumapazi kwanu zokha."

"Lero ndiye taziona. Wakhungu akuphunzitsa kupenya."

Anaseka mpaka kutsokomola.

Tinakhala pa mulu wa zigoba za nkhono, mphepo yafumbi ikutilowa m'mafupa. Tinapemphera kolona yonse. Tikumaliza, madzi anali atayamba kukwawa m'timifuleni, mwakachetechete, ndipo mbalame zinkasendera kwa ife ngati nkhosa zokusidwa ndi mbusa wosaoneka. Kutsogolo kunali tating'ono tothamanga, kumbuyo akakowa, ndi zazitali zofiirira ngati m'bandakucha, mitu ili m'madzi. Kenaka zonse zinadzuka pamodzi. Thambo linada. Zikatembenuka linkayera mbee, zikatembenukanso n'kuda, ndipo mkokomo wake unali wa mvula pa malata. A Blaise anavula chipewa. Ine ndinapezeka ndagwada. Ndinakumbuka tsiku lachisanu la chilengedwe, limene mbalame zinalengedwa, ndipo ndinachita manyazi kuti zaka zonsezi ndinkalifulatira.

Zitatera pafupi nafe, a Blaise ananong'ona: "Musayang'ane mitu, amayi. Miyendo."

Miyendo yake yochuluka ngati mapesi m'munda! Ndinayang'ana mpaka misozi kutuluka. Madzi ankakwerabe, malo oti ziimepo akuchepa.

"Zatsala pang'ono kunyamuka," anatero. "Palibe, eti?"

Woyesa uja anandinong'oneza kuti, ingonena kuti waiona, adziwa bwanji? Bodza laling'ono, maso a munthu n'kuchira. Lilime linayabwa ndithu.

"Sindinaione," ndinayankha.

Anagwedeza mutu, n'kuyamba kufufuza ndodo yawo. Pomwepo vuwo wina anasuntha, ndipo kumbuyo kwake kunali kambalame kotuwa, kakujompha matope pamene anzake onse akuwodzera.

"Bambo a Sitor! Mphete! Kumanzere, yofiira, koma yasuluka ngati njerwa!"

Sanasangalale. Anandigwira mkono zolimba.

"Nanga mwendo winawo?"

"Kamphete kachitsulo koyera. Ndipo chala chimodzi palibe."

Za chalacho anali asanauzepo munthu. Misozi inatsika m'maso otuwawo. Kenaka anayamba nyimbo yachiyamiko imene timaimba ansembe akamatuluka, ine n'kulandira.

"Kambalame kosadzaza dzanja kawoloka nyanja ndi chipululu kakhumi," anatero atamaliza, "ine ndikuopa ulendo wa m'mawa umodzi. Galimoto yakuchipatala ija imanyamuka nthawi yanji?"

"Munati mwaona zokwanira paja."

"Nditengeni, amayi, madzi afika m'mapazi."

Iye amene amalozera mbalame njira popanda chikwangwani, akutsogolereni inunso, akutsekuleni maso, ndipo akubwezereni kwanu muli amoyo chaka ndi chaka. Ameni.