Tsitsi la Apongozi a Jobeda

Jobeda anali atatha zaka ziwiri pa ukwati ku Patenga, kumapeto kwa mzinda wa Chattogram komwe misewu imakathera m'nyanja, koma chinthu chimodzi chinkamuzunguzabe mutu: tsitsi la apongozi ake. A Hosne Ara sankadwala, nsabwe analibe, komabe mwezi uliwonse ankadzitsekera m'bafa ndi sizasi n'kutuluka mutu uli ngati wa msilikali, kenako n'kuufunditsa nsonga ya sari, nsalu yaitali imene akazi akumeneko amavala.

Anafunsa mwamuna wake Delwar, iye n'kunena kuti anabadwa n'kuwapeza ali choncho. Anafunsa a Anjuman a khomo loyandikana, mayi amene chinsinsi cha munthu sichinkagona m'kamwa mwawo, koma pa nkhani iyi yokha anangoyang'ana kumbali n'kuyamba kudandaula za anyezi wowola. Pamenepo m'pamene chidwi cha Jobeda chinakulira.

Lake tsitsi linali lopitirira m'chiuno, ndipo sitibisa, ankalinyadira. Ankalidzola mafuta a kokonati n'kumaliumitsa pakhonde mosafulumira. Kangapo anawapezerera apongozi akuliyang'ana nkhope ili gwa. Mtsikana wa ku Rangpur, kumtunda komwe nyanja amangoionera pa kanema, anagamula yekha mlanduwo: imeneyo inali nsanje.

Tsiku limene anakweza mbendera yachitatu yochenjeza za namondwe kunacha kuli mdima wa mitambo. Anthu odzipereka a malaya a olenji ankazungulira pa njinga zamatayala atatu za rikisho ndi chimkuzamawu, kulengeza kuti chenjezo la namondwe lafika pa nambala teni, yoopsa kwambiri, aliyense apite ku sukulu yosanja yothawirako. Delwar anali mmodzi wa iwo, ndipo anali atachoka m'mawa.

Jobeda anapeza apongozi akukumba dzenje kuseri kwa nyumba. Anaikamo zigubu ziwiri za madzi, machesi ndi mpunga wophwanya uja wodya osaphika, zonse zokulungidwa m'mapulasitiki, n'kukwirira. Iye anafunsa mafunso ngati khumi. Anamuyankha limodzi lokha, kuti nyanja ikabwerera kwawo imasiya mchere m'mipopi ndi m'zitsime, ndipo munthu amafa ludzu ataima m'madzi.

Atalowa m'nyumba apongozi anamuponyera buluku ndi malaya aatali.

“Bouma,” anamuitana monga amaitanira mkazi wa mwana wawo kumeneko, “vula sariyo uvale izi. Ukatha ubwere nalo kuno tsitsilo.”

M'dzanja lawo munali sizasi imene anadulira chingwe chomangira mapulasitiki aja. Jobeda anaiona, mtima n'kumuuza kuti tsiku limene mayiwa ankaliyembekeza lafika.

“Amma, kwathu mkazi wapabanja sapita pagulu atavala ngati mwana wa sukulu. Ndipo tsitsi langa lili bwinobwino.”

Sanadikire yankho. Anangolipinda tsitsilo kumbuyo, n'kunyamula Tuni, mwana wake wa miyezi isanu ndi itatu, m'chiuno, ulendo. Apongozi anatola mtolo wa zovala n'kumutsatira. Msewu unali wotakasuka, koma iwo ankayenda kumbuyo kwake kwenikweni, mpaka kumuponda chidendene. Jobeda anadabwa nazonso zimenezi, koma anali atakwiya kwambiri moti sakanafunsa.

Pafupi ndi msika wa nsomba msewu umatsika, ndipo madzi anali atafika kale m'mawondo. Sari inanyowa n'kuyamba kumuzenga miyendo. Mphepo inamasula tsitsi lija n'kuliuluza. Pambali panali mtengo umene unagwa, ndipo podutsa anangomva mutu wake ukukokedwa chambuyo mwamphamvu. Sanaganize kanthu. Manja onse awiri anapita kumutu.

Tuni sanafike m'madzi. A Hosne Ara anali atataya kale mtolo, manja ali otambasula, ndipo mwanayo anagweramo ngati anachita kupatsirana. Anamukumbatira ndi dzanja limodzi, linalo n'kumakolola tsitsi m'nthambi pang'onopang'ono, osadula ngakhale limodzi. Sanamukalipire. Mtolo uja unapita ndi madzi.

Ku sukulu, pansi pakati pa nsanamira panali mbuzi ndi ng'ombe, amuna ali pansanja yoyamba, akazi pa yachiwiri. Pakhomo anawalemba maina n'kuwapatsa mabisiketi ndi botolo la madzi. Jobeda anakhala pakona, ndipo mantha atachepa maso ake anayambiranso ntchito yawo. Akazi onse achikulire a ku Patenga anali ataluka tsitsi molimba n'kulimanga ndi nsalu. Onse anali m'mabuluku obwereka. Ngakhale a Anjuman, ndi thupi lawo lonselo, anali atadzipanikiza mu buluku la mwana wawo wamkazi, lolekeza m'akatumba.

“Useke, mwana wa kumtunda iwe,” anatero a Anjuman. “Manyazi tinawakwirira limodzi ndi zigubu. Tikawafukula mawa.”

Jobeda sanaseke. Anachita manyazi, ndipo anali ndi mantha a chimene manja ake anachita osamufunsa. Koma funso linkamuyabwa. Mayiwa anataya mtolo tsitsi lisanakodwe n'komwe. Anasendera pafupi nawo. Iwo anali akupukuta mapazi a Tuni ndi nsonga ya malaya awo.

“Amma, munadziwa bwanji kuti ndimusiya?”

Kunja malata a msika ankamveka akusasuka limodzilimodzi. A Anjuman, amene sankasiya nkhani ili pakati, anadzuka n'kupita kukasuzumira pazenera.

“Manja amapita okha, Bouma. Safunsa mwini wake.” Anapukutanso phazi louma kale. “Delwar anali ndi mlongo wake wamkulu. Namondwe wa zaka makumi atatu zapitazo anatipeza panjira, iye ali m'chiuno mwangamu. Ine kumbuyo kwanga kunalibe munthu.”

Zaka ziwiri Jobeda ankafuna yankho limeneli, ndipo atalipeza analakalaka akanapanda kufunsa. Anakumbukira masiku onse amene ankapesa tsitsi pakhonde mwadala, kuti mayi wansanjeyo aone bwino.

A Anjuman anabwera ndi buluku lina la mwana wawo. Akazi awiri anatchinga ndi nsalu, Jobeda n'kuvula sari. Apongozi anaifinya, n'kumumangirira nayo Tuni pachifuwa, mfundo ziwiri kumsana, n'kukoka kuti aone ngati yalimba. Anati madzi akakwera mpaka kuno ndipo anthu akathamangira padenga, manja achite zofuna zawo, mwana sapita kulikonse.

Jobeda anaona sizasi ija ikusuzumira m'thumba la malaya awo. Anaisolola yekha, n'kuwapatsa ndi manja awiri, kenako anakhala pansi pakati pa miyendo yawo atawapatsa msana.

“Dulani, Amma.”

Anamva sizasi ikuikidwa pa simenti.

“Wanena zodula ndani? Khala bwino, usagwedere.”

Zala zawo zinalowa m'tsitsi lonyowalo, n'kuligawa patatu. Jobeda ankayembekeza kuti zizengereza, poti zaka makumi atatu zinali zisanaluke mutu wa munthu, koma zinkathamanga osaphonya, kukoka molimba mpaka khungu kuwawa. Zitafika kumapeto, m'munsi mwa chiuno, zinaima. A Hosne Ara anagwira nsongayo kanthawi ndithu asanaimange.

“Langa linkapitirira apa,” anatero.